Sikopu yatsopano pa mfuti ya .308: tikaibweze kusitolo?

Funso: Ndimagwira ntchito pa famu ina ya nyama zakutchire ku Limpopo, ku South Africa. Abwana agula sikopu (galasi lolozera lomangidwa pamwamba pa mfuti) yatsopano ya 3-9x40 ndipo tinaimanga tokha pa mfuti yawo ya .308. Loweruka tinaika chandamale pa mtunda wa mamita 100 ndi kuwombera bokosi lonse la zipolopolo 20. Zoyambirira sizinakhudze n'komwe pepala, ndipo zotsatira zinangomwazikana ngakhale tinkapotokola sikopuyo pambuyo pa chipolopolo chilichonse. Pa chopotokolera palembedwa kuti 1/4 MOA. Kodi sikopuyi ndi yowonongeka, tikaibweze?

Yankho: Bambo, musathamangire kukaibweza, chifukwa pa zonse zimene mwafotokozazi palibe chimene chikuitsutsa sikopuyo. Vuto likuoneka kuti lili pa kayesedwe kanu, makamaka pa mawu anu oti munkapotokola pambuyo pa chipolopolo chilichonse. Palibe mfuti imene imaponya zipolopolo zake zonse m'bowo limodzi. Ngakhale mfuti yabwino ya .308, itagonekedwa pamalo osagwedezeka, imasiya mabowo otalikirana masentimita 3 kapena 4 pa mtunda wa mamita 100, ndipo dzanja la wowombera limawonjezerapo ake. Choncho bowo limodzi silinena kumene mfuti ikuloza. Likhoza kukhala la kumanzere kwenikweni kwa gulu lake, ndipo inu mukalitsatira ndi kupotokolera kumanja, chipolopolo chotsatira chimene mwachibadwa chikanagwera kumanja chimapitirira kwambiri, inu n'kubwezanso, mpaka bokosi kutha. Chimene chimasunthidwa poyesa sikopu ndi pakati pa gulu la mabowo atatu kapena asanu owomberedwa mofanana, popanda kukhudza sikopu pakati pawo.

Komabe musanawononge zipolopolo zina, bwererani pa kamangidwe, popeza mwanena kuti munamanga nokha. Masikopu ambiri osakira nyama ali ndi thupi la inchi imodzi, imene ndi mamilimita 25.4, kapena la mamilimita 30, ndipo maring'i, zitsulo zozungulira zimene zimagwira sikopu pa mfuti, ayenera kukhala a muyeso womwewo. Sikopu ya inchi imodzi m'maring'i a mamilimita 30 siigwira ngakhale mutamanga chotani. Onani kaye zitsulo zapansi zimene zimalumikiza maring'i ndi mfuti, chifukwa zimabisika sikopu ikakhala pamwamba ndipo anthu ambiri sazibwereranso. Pukutani mafuta m'mabowo a masikuluwu, mumange mofanana mbali zonse mosinthanasinthana, kuti mpata wotsala pakati pa theka lapamwamba ndi lapansi la ring'i ukhale wofanana uku ndi uku. Pamenepa mphamvu zambiri zimawononga: opanga ambiri amalamula mphamvu yomangira ya mainchi-paundi 15 mpaka 18 pa masikuluwu apamwamba, amene ndi pafupifupi 2 Nm, ndipo munthu wamphamvu za pafamu akamanga ngati akumanga tayala amafinya thupi la sikopu mpaka zam'kati kuleka kuyenda bwino. Tsatirani nambala yolembedwa pa kapepala ka maring'i anuwo. Mukamaliza, lembani kamzere ka pensulo pa thupi la sikopu mogundiza ring'i yakutsogolo. Mukawombera kangapo n'kupeza kamzereko katalikira ring'i kapena kalowa pansi pake, mwadziwa kuti sikopu ikutsetsereka ndi kukankha kwa mfuti, ndipo kupotokola kulikonse n'kutaya nthawi.

Zinthu zina zitatu zimakonzedwa nthawi yomweyo. Choyamba ndi mtunda wa pakati pa diso ndi galasi lakumbuyo, umene pa masikopu ambiri umakhala masentimita 8 mpaka 10. Ikani sikopu pa 9, pamene imakulitsa chithunzi kwambiri, tsinzinani, gwirani mfuti paphewa monga mumachitira kutchire, kenako tsegulani diso. Muyenera kuona bwalo lonse lowala popanda mdima m'mbali, ndipo mukaona kuti mukutambasula khosi kapena kubweza mutu, sunthani sikopuyo osati mutu wanu. Sikopu yoyandikira kwambiri imasiya bala lopindika pamwamba pa nsidze, limene limatuluka magazi ambiri, ndipo munthu wolandira bala limenelo amayamba kuopa mfuti yake. Chachiwiri ndi kuwongoka kwa mtanda wa m'kati, mizere iwiri yopingasana imene mumalozera nayo mukayang'ana m'sikopu. Pachikani chingwe chomangirira mwala kunsonga pa mtunda wa mamita 20 kapena kuposerapo, ikani mfuti mosapendekera, ndipo mzere woima wa mtandawo ugonere pa chingwecho. Mtanda ukapendekera, kupotokolera m'mwamba kumasunthiranso chipolopolo m'mbali, ndipo zimenezi zimasokoneza kwambiri amene sakudziwa kumene zikuchokera. Pomaliza, lozani sikopu kukhoma loyera kapena kumitambo, kutali ndi dzuwa, ndi kuzunguliza galasi lakumbuyo mpaka mtanda uoneke wakuda bii mukangoyang'anamo. Galasi limenelo limakonza maonekedwe a mtanda, osati a chandamale.

Za malo owombera sindichulukitsa, koma sizodumpha. Chipolopolo cha .308 chikaphonya n'kukwera m'mwamba chimatha kuuluka makilomita oposa atatu, motero kumbuyo kwa chandamale kukhale chulu chachikulu, khoma la dothi kapena phiri lopanda miyala yoti chipolopolo n'kunjanja, ndipo mudziwe kuti kumeneko kulibe antchito, msewu kapena ziweto. Palibe wopita kukaona pepala mfuti isanatulutsidwe chipolopolo ndi bolt, chitsulo chotsekera chipolopolo kumbuyo kwa mpope, kusiyidwa yotsegula. Valani zoteteza makutu. Komanso lamulo la mfuti la ku South Africa, Firearms Control Act la 2000, limalola munthu wopanda laisensi ya mfuti imeneyo kuigwiritsa ntchito pokhapokha mwini laisensi ali pomwepo akuyang'anira, choncho abwanawo akhalepo.

Tsopano chifukwa chimene zipolopolo zoyamba sizinakhudzire pepala. Sikopu imakhala pamwamba pa mpope wa mfuti ndi masentimita pafupifupi 4, ndipo pamene yangomangidwa kumene, mzere wa diso ndi mzere wa mpope ukhoza kusemphana ndi theka la mita kapena kuposa pa mtunda wa mamita 100. Pa mamita 25 kusemphana komweko kumachepa kanayi, ndiye chifukwa chake timayambira pafupi. Ndipo pa mfuti ya bolt mungathe kuyandikitsa mizere iwiriyi musanawombere n'komwe. Chotsani bolt, gonekani mfuti pa matumba a mchenga, ndipo suzumirani mu mpope kuchokera kumbuyo. Mudzaona kabwalo kakang'ono kowala kunsonga kwa mdima. Sunthani matumba mpaka kadontho kakuda ka chandamale kakhale pakati penipeni pa kabwalo kameneko, ndipo kabwaloko kakhale pakati pa bwalo lalikulu la kumbuyo kwa mpope. Kenako, osakhudza mfuti, kwezani diso ku sikopu. Mtanda udzakhala penapake pambali. Potokolani mpaka ufike pa kadontho komweko, mukubwerera kusuzumira mu mpope kuti mutsimikize kuti mfuti sinasunthe. Pa ntchito iyi yokha musayang'ane mivi yolembedwa pa zopotokolera, chifukwa idzakusokonezani. Yang'anani mtanda ndi maso anu ndi kuuyendetsa kumene ukufunika.

Kusokoneza kumeneku kumafuna kufotokozedwa, chifukwa kunathandizira kumaliza bokosi lanu ngati munalakwitsa mbali. Chopotokolera chapamwamba chimalamulira kukwera ndi kutsika, ndipo cha kudzanja lamanja chimalamulira kumanja ndi kumanzere. Mawu oti UP ndi chilembo cha R, pamodzi ndi mivi yake, amanena kumene bowo la chipolopolo lidzasunthire pa pepala, osati kumene mtanda ukupita. Mabowo akakhala pansi, potokolerani kumene kukuloza muvi wa UP. Akakhala kumanzere, potokolerani ku R. M'kati mwa sikopu mtanda umaoneka ngati ukuyenda mosemphana ndi zimenezi, ndipo n'zoyenera kutero.

Kamodzi kalikonse chopotokolera chikalira kuti "tike", imeneyo ndi kiliki imodzi, ndipo 1/4 MOA imene mwawerengayo ndiyo kukula kwake. MOA imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 60 a digiri, ndipo pa mamita 100 imakwana masentimita 2.9. Kiliki imodzi pa sikopu yanu, imene ndi kota ya MOA, imasuntha bowo ndi masentimita 0.7 pa mamita 100. Ena amanena kuti ndi kota ya inchi, ndipo sanalakwe, koma iwo akuyeza pa mayadi 100, amene ndi mamita 91 okha. Masikopu ambiri a ku Ulaya, monga a Zeiss ndi Swarovski, amawerengera sentimita imodzi pa kiliki pa mamita 100, motero malangizo a mnzanu wa sikopu yotere musawatenge osayamba mwawerenga zolembedwa pa yanu. Chimene ambiri amaiwala n'chakuti kiliki ndi muyeso wa ngodya, osati wa mtunda wokhazikika: pa mamita 50 imasuntha theka, ndipo pa mamita 25 imasuntha kota chabe, masentimita osakwana 0.2. Munthu amene wapotokola makiliki anayi pa mamita 25 n'kuona kuti bowo silinasunthe amaganiza kuti sikopu yafa, pamene walisuntha ndi mtunda wochepera kukula kwa bowo lenilenilo.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Mwawombera katatu pa mamita 25, mukuloza kadontho komweko, ndipo pakati pa mabowo atatuwo pali masentimita 4 kumanzere ndi masentimita 5 pansi. Kumanzereko kumafuna makiliki 22 kulowera ku R. Koma za kukwera musafulumire kufikitsa bowo pa kadontho penipeni. Pa mamita 25 chipolopolo chimakhala chikukwerabe kuchokera pansi pa mzere wa diso, ndipo mukachifikitsa pakati pa mtunda umenewu chidzagwera masentimita 6 kapena 7 pamwamba pa mamita 100. Chofunika ndi chakuti chikhale masentimita pafupifupi 2 pansi pa kadontho. Motero mukweza masentimita 3 okha, amene ndi makiliki 16 kapena 17 kulowera ku UP. Womberaninso kamodzi kapena kawiri pongotsimikiza kuti mwapita mbali yoyenera, ndipo musatayepo zipolopolo zambiri, chifukwa ntchito ya mamita 25 ndi yongokufikitsani pa pepala la kutali.

Pa mamita 100 ndi pamene pamafunika kudekha, ndipo apa kagonekedwe ka mfuti kamaposa mtengo wa sikopu. Khalani pa tebulo lolimba kapena gonani pansi chafufumimba. Thumba limodzi la mchenga likhale pansi pa thabwa lakutsogolo, lina laling'ono pansi pa thako la mfuti, ndipo dzanja limene silikuwombera lizifinya thumba lakumbuyolo pokweza kapena kutsitsa mtanda. Mpope weniweniwo usagone pa chilichonse, ndipo thabwa lisagone pa chitsulo, pa mwala kapena pa chitseko cha galimoto, chifukwa mfuti yogona pa chinthu cholimba imadumpha powomba ndipo kawirikawiri imaponya m'mwamba. Mfuti yogonekedwa bwino imakhala ikuloza chandamale ngakhale mutachotsa manja. Ikani sikopu pa 9. Tsaya likhale pamalo amodzimodzi nthawi zonse, tulutsani mpweya pang'ono ndi kuima, ndipo chala chifinye tiriga pang'onopang'ono mpaka mfuti ilire inu musanaganize kuti ilira. Womberani katatu, mukupuma mphindi ziwiri kapena zitatu pakati, bolt ili yotsegula kuti mpope uzizire. Kenako pitani ndi rula ndi pensulo, lumikizani mabowo atatuwo ndi mizere, pezani pakati pake, ndipo yezani kuchokera pamenepo kufika pa mzere woima ndi mzere wogona wa chandamale, uliwonse paokha. Mukapeza masentimita 5 kumanja ndi masentimita 3 pamwamba, gawani nambala iliyonse ndi 0.7: makiliki 7 kulowera kumanzere ndi makiliki 4 kutsika. Matani mabowo akale ndi tepi, womberani gulu lina, ndipo nthawi zambiri pofika gulu lachitatu ntchito imakhala yatha. Bokosi limodzi la zipolopolo 20 limakwana ndi kutsalako.

Ngati gulu lanu loyamba litambalala kupitirira masentimita 8 kapena 10, musakhudze zopotokolera n'komwe, chifukwa gulu lotere lilibe pakati podalirika. Funafunani chimene chikulimwaza. Mabowo otsatana mzere woima kawirikawiri amachokera ku mpope wotentha, ku kapumidwe, kapena ku thabwa logona mosiyanasiyana pa thumba. Zipolopolo 20 zowomberedwa motsatizana masana a ku Limpopo zimatenthetsa mpope mpaka kusagwirika, ndipo mpweya wotentha wochokera pa mpopewo umavinitsa chandamale m'galasi. N'chifukwa chake ntchito imeneyi ndi ya m'mamawa, kusanatenthe ndiponso mphepo isanadzuke. Mphepo yodutsa ya makilomita 15 pa ola imakankha chipolopolo cha .308 ndi masentimita pafupifupi 2 pa mamita 100, ndipo simufuna kuti makiliki anu akonze mphepo ya tsiku limodzi. Mabowo omwazikana popanda dongosolo amaloza ku masikuluwu omasuka, kuphatikizapo aja apansi omangira chitsulo cha mfuti ku thabwa lake, kapena kwa wowombera mwiniwake. Pali njira yosavuta yomuyesera munthu: atembenuke, mnzake aike mfuti pa matumba nthawi zina ili ndi chipolopolo, nthawi zina ilibe, mpope ukuloza kuchandamale nthawi zonse. Tiriga ikalira pa mfuti yopanda kanthu, n'kuona mpope ukugwa pansi ndi maso akutsinzina, wolakwa wapezeka. Si chinthu chochititsa manyazi, chimagwira ngakhale alenje akale, ndipo chimachira ndi zoteteza makutu zabwino ndi kuyeserera pa mfuti yaing'ono ya .22.

Sikopu ingaimbidwe mlandu pokhapokha zonsezi zitakonzedwa, ndipo ilinso ndi mayeso ake. Gulu likakhala pakati, potokolani makiliki 20 ku R ndi kuwombera mukulozabe kadontho kakale: bowo liyenera kugwera masentimita pafupifupi 14.5 kumanja. Potokolani 20 ku UP, womberani. 20 kumanzere, womberani. 20 kutsika, womberani. Mabowo ajambule bokosi la ngodya zinayi ndipo lomaliza libwerere m'gulu loyamba. Likapanda kubwerera, kapena gulu likamasamuka lokha popanda wokhudza sikopu pamene kamzere ka pensulo sikanasunthe, tengani pepala lomwelo pamodzi ndi lisiti kusitolo, chifukwa umenewo ndi umboni umene wogulitsa sangaukane. Chimodzimodzi ngati chopotokolera chafika kumapeto bowo lisanafike pakati, ngakhale pamenepo wolakwa amakhala maring'i osemphana nthawi zambiri, ndipo ndi bwino wokonza mfuti aone musanakakamize.

Funso limene simunafunse koma mudzakumana nalo ndi lakuti bowo likhale pati pa mamita 100. Chipolopolo sichiyenda mowongoka. Chimayamba kugwa chikangotuluka mu mpope, monga mwala wa legeni, kungoti liwiro lake limabisa kugwako pa mtunda waufupi. Chipolopolo cha .308 cha magireni 150 (gireni ndi muyeso wa kulemera kwa chipolopolo) chimatuluka pa liwiro la mamita pafupifupi 860 pa sekondi. Mukachiika pakati penipeni pa mamita 100, chimagwera masentimita pafupifupi 12 pansi pa mamita 200, ndi oposa 40 pa mamita 300. Alenje a m'madera a chigwa choyera amakonda kuika gulu masentimita 4 kapena 5 pamwamba pa mamita 100, kuti pa mamita 200 ligwere pafupi ndi pamene akuloza. Koma m'tchire la mitengo yothinana ngati la kwanuko, kumene nswala, ngoma ndi njiri zimawomberedwa kawirikawiri pa mtunda wosapitirira mamita 100 kapena 150, ine ndingakulangizeni kuika pakati penipeni pa mamita 100 kapena masentimita 2 okha pamwamba. Malo a mtima ndi mapapo a nswala sapitirira kwambiri masentimita 15, ndipo munthu akatengeka mtima amakonda kale kuloza m'mwamba. Manambala ndaperekawa ndi a chipolopolo wamba. Ngati mudzawombere pa mamita 200, yesani pa pepala pa mtunda womwewo musanayese pa nyama yamoyo.

Ziro imene mwapezayo, kutanthauza kugwirizana kwa mtanda ndi pamene chipolopolo chikugwera, ndi ya chipolopolo chimene mwayesera chokha. Mukasintha kuchoka pa magireni 150 kupita pa 180, kapena kuchoka pa kampani ina kupita pa ina ngakhale kulemera kuli kofanana, gulu likhoza kusamuka masentimita angapo, ndipo si m'mwamba kapena pansi mokha. Ndi nzeru kugula mabokosi awiri kapena atatu a mtundu umodzi nthawi imodzi. Chimodzimodzi sailensa, imene yafala kwambiri pa mafamu a ku South Africa: kulemera kwake kunsonga kumasintha kagwedezekedwe ka mpope, motero ngati mudzasaka nayo, yesani ili pomwepo ndipo ikhale yomangidwa zolimba. Mpope wongotsukidwa kumene, wokhala ndi mafuta m'kati, umaponyanso chipolopolo choyamba kosiyana ndi zinzake, choncho pukutani mafutawo ndipo chipolopolo choyambacho musachiwerengere m'gulu.

Mukakhutira, bwezerani zivindikiro za zopotokolera, ndipo ngati sikopu yanu imalola kumasula chizindikiro cha manambala, chibwezereni pa 0 kuti mudzadziwe pobwerera wina akapotokola. Lembani pa pepala lomalizalo tsiku, mtunda, mtundu wa chipolopolo ndi kulemera kwake, n'kulisunga m'kabati ya mfuti. Tsiku lotsatira m'mamawa womberani chipolopolo chimodzi chokha mpope uli wozizira, chifukwa chimenecho ndicho chofanana ndi chimene chidzapite pa nyama, ndipo chiyenera kugwera m'gulu la dzulo. Yesaninso mutaika sikopu pa 3 kapena pa 4, pamene idzakhale nthawi zambiri poyenda m'tchire, popeza pa masikopu ena otchipa bowo limasuntha mukasintha kukula kwa chithunzi. Kuyambira pamenepo, mfuti ikagwa, ikagunda chitsulo, ikayenda ulendo wautali m'msewu wa mabampu kumbuyo kwa galimoto, kapena ikakhala miyezi osagwiritsidwa ntchito, ipatseni zipolopolo ziwiri pa pepala musanalowe nayo m'tchire.